Kumene Mwazi Ubadwira: Mbiri ya Kufufuza kwa m'Cigwa ca Shire

Ali yense amene anatsikako mtsetse wa ku Thabwa, pocokera ku mapiri a Blantyre, adziwa kuti pofika pa mtsinje wa Shire munthu walowa m'dziko lina. Mphepo yozizira itsala kumtunda. Kunsi kuno dzuwa liwawa, nthaka ibala thonje ndi mapira ndi nzimbe, ndipo madzi a m'madambo, kuyambira ku Elephant Marsh kufikira ku Ndindi ku Nsanje, saphwa caka conse. Madzi omwewo amene atipatsa nsomba ndi madimba aleranso udzudzu, ndipo udzudzu utitengera malungo. Cifukwa cace palibe mudzi wa Amang'anja kapena wa Asena umene sunaonepo mwana wotuwa zikhato, wofoka, wopuma mofulumira, amene acipatala anena za iye kuti mwazi wamthera.

Mwezi uno tifuna kufotokozera owerenga athu mbiri ya nthenda imeneyi: momwe anthu anadziwira malo amene mwazi ubadwira m'thupi, momwe nzeruyo inafikira ku Chikwawa, ndi momwe dotolo wa dziko lathu lino, a Kamija Phiri, pamodzi ndi anzao, anaigwiritsira nchito kufikira maiko ena anaphunzira kwa ife.

MANDA A KU CHIROMO NDI A KU CHIKWAWA

Tiyambe ndi masiku amene kunalibe wodziwa ciyambi ca malungo. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, ndipo pambuyo pace, m'caka ca 1861, anadza Bishopu Charles Mackenzie ndi anzace, nakhala ku Magomero. Kuciyambi kwa caka ca 1862 Bishopuyo anatsikira ku mathiriro a Ruo kuti akakomane ndi Livingstone. Koma panjira bwato lace linagubuduzika, mankhwala a kwinini namira m'madzi. Malungo atamgwira analibe comciritsa, namwalira pa 31 Januwale 1862, naikidwa pafupi ndi Chiromo. Otsalawo anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa, ndipo komweko m'caka ca 1863 anamwalira Henry Scudamore ndi dotolo wao yemwe, John Dickinson.

Maina a alendowa analembedwa m'mabuku. Koma ana a eni dziko amene anafa ndi nthenda yomweyo, zaka zimenezo ndi zaka zambiri za m'mbuyo mwace, palibe anawawerenga. Azungu anayesa kuti malungo acokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Makolo athu anali nazo zifukwa zao zina. Coonadi cinayamba kuoneka m'caka ca 1880, pamene Alphonse Laveran, dotolo wa Cifalansa wogwira nchito ku Algeria, anaona kacirombo ka malungo m'kati mwa mwazi wa wodwala. Ndipo m'caka ca 1897 Ronald Ross, ali ku India, anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Pamenepo kunadziwika kuti kaciromboko kalowa m'maselo ofiira a mwazi, nikakula m'menemo, nikawaphulitsa. Anthu ambiri anayesa kuti nkhani yatha: malungo aphwanya mwazi, mwana natuwa. Koma tidzaona kuti imeneyi inali theka cabe la nkhani.

MBEU YA MWAZI

Mwazi suli madzi ofiira cabe. Munthu akauyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu aona tizidutswa tosawerengeka, timene ophunzira aticha maselo. Alipo maselo ofiira, amene anyamula mpweya kucokera m'mapapo kupita ku ziwalo zonse. Alipo oyera, amene amenyana ndi nthenda. Tiliponso tina timene tiumitsa mwazi pa bala. Selo lofiira likhala ndi moyo ngati masiku 120, pamenepo lifa. Potero thupi la munthu wamkuru liyenera kupanga maselo ofiira atsopano ngati 2,000,000 pa sekondi iri yonse, usana ndi usiku, moyo wace wonse. Nanga onsewa abadwira kuti?

Tonse tidziwa mafuta a m'mafupa, amene ana alimbirana pakudya nyama ya mbuzi. M'caka ca 1868 Ernst Neumann wa ku Königsberg ndi Giulio Bizzozero wa ku Italy, yense payekha, anapeza kuti m'mafuta amenewo ndimo mubadwira mwazi. M'caka ca 1909 Alexander Maximow wa ku Russia anaphunzitsa kuti mitundu yonse ya maselo a mwazi iphuka kucokera ku selo la mtundu umodzi, monga nthambi ziphuka pa tsinde limodzi. Koma kunena ndi kwina, kuonetsa ndi kwina. Ndipo panapita zaka makumi asanu cinthuci cisanatsimikizike.

Anacitsimikiza ndiwo anthu awiri a ku Toronto, m'dziko la Canada, Ernest McCulloch ndi James Till. Iwo anatenga mbewa zimene mafuta a m'mafupa ao anaonongedwa dala ndi ceza camphamvu, nazibaya mafuta a m'mafupa a mbewa zina zamoyo wabwino. Atapita masiku ngati khumi anaona timatotupa pa kapamba wa mbewazo, ndipo pakuwerenga anapeza kuti timatotupato ticuruka molingana ndi ciwerengero ca maselo amene anabaya. Analemba zimenezi m'caka ca 1961; ndipo m'caka ca 1963, pamodzi ndi wophunzira wao Andrew Becker, anaonetsa kuti kacotupa kali konse kacokera ku selo limodzi lokha. Selo limenelo liri ndi mphamvu ziwiri: libala maselo a mitundu mitundu, ndiponso lidzibala lokha kuti lisathe. Ife alimi cinthuci siciri cacilendo kwa ife, pakuti mlimi wanzeru sadya mapira ace onse. Asungako ngala zina zikhale mbeu. Maselo a tsindewa ndiwo mbeu ya mwazi, ndi mafuta a m'mafupa ndiwo munda wace.

Pa nzeru imeneyi panamangidwa kuciritsa kwina kodabwitsa, ndiko kuoka mafuta a m'mafupa a munthu wina mwa wodwala, nchito imene E. Donnall Thomas wa ku Amerika analandira nayo mphotho ya Nobel m'caka ca 1990. Koma kwa ife a m'cigwa phindu lace linadzera njira yina. Nzeruyi iphunzitsa kuti mwazi ukhoza kucepa pa zifukwa zitatu: kapena utayika, kapena uphwanyika, kapena munda wace waleka kubala. Ndipo mankhwala a cifukwa cimodzi sali mankhwala a cinzace.

KUFUFUZA KWA KU CHIKWAWA

Nchito yofufuza za mwazi m'cigwa muno inayamba ndi amai. M'zaka za 1993 ndi 1994 Francine Verhoeff ndi Bernard Brabin, a sukulu ya nthenda za m'maiko otentha ya ku Liverpool, anayesa amai apakati opitirira 4,000 pa cipatala ca boma ca Chikwawa ndi pa cipatala ca Montfort ku Nchalo. Anapeza kuti amai ambiri ndithu anali ocepa mwazi, ndi kuti amene anamwa Fansidar kawiri ali ndi pakati anabala ana olemera koposa. Masiku amenewo sukulu yathu ya madotolo ku Blantyre, College of Medicine, inali yatsopano, pakuti inatsegulidwa m'caka ca 1991. Ndipo mwa madotolo amene anaturuka m'menemo munali a Kamija Phiri.

M'caka ca 2002 a Phiri, pamodzi ndi Job Calis ndi Michael Boele van Hensbroek a ku Amsterdam, ndi ena a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, anayamba kufunsa funso looneka lapafupi: kodi n'ciani kweni kweni cimene citha mwazi wa ana athu? Anasankha zipatala ziwiri, ca Queen Elizabeth ku Blantyre kumene malungo adza ndi dzinja, ndi ca Chikwawa kumene malungo sacoka. Kufikira caka ca 2004 analemba ana 381 osafika zaka zisanu, amene muyeso wa mwazi wao unatsika pansi pa 5, pamene mwana wamoyo wabwino muyeso wace ukhala 11 kapena kuposapo. Analembanso ana ena 757 osatha mwazi cotero, ena odzera nthenda zina ku cipatala, ena a m'midzi yomweyo, kuti pakulinganiza magulu awa cisiyanitso cioneke.

Sanayese mwazi wokha, koma ndi cimbudzi ndi mkodzo. Ndipo kwa ana odwalawo, makolo atalola, anawagoneka tulo ndi mankhwala, natapa pang'ono mafuta a m'pfupa ndi singano, kuti aone munda weni weniwo. Tikumbukire kuti kumapeto kwa caka ca 2002 mbiri ya anamapopa inawanda m'maboma a kumwera monga Thyolo ndi Mulanje, ndipo munthu wina anaphedwa cifukwa ca mbiri yabodzayo. Masiku otere, mai wolola kuti mwana wace atengedwe mwazi ndi mafuta a m'pfupa anafunika mtima wolimba. Maina a amai amenewa sali pa mapepala a ophunzira, koma popanda iwo sipakadakhala kanthu kolemba.

Zopezazo zinasindikizidwa m'caka ca 2008 m'nyuzi yochuka ya madotolo ya ku Amerika, New England Journal of Medicine, ndipo zinadabwitsa ambiri. Kufikira pamenepo kunaphunzitsidwa kuti mwana wa mu Afrika akatha mwazi, cifukwa cace ndi malungo ndi kusowa kwa citsulo ca m'zakudya cimene acipatala acicha ayironi. Motero mankhwala anali a malungo, ndi ayironi, ndi foliki asidi. Koma ofufuzawa anapeza kuti kusowa ayironi kunali kocepa mwa ana otha mwazi koposa mwa anzao, ndi kuti kusowa foliki asidi kunali kosaoneka oneka. Zimene zinayenda pamodzi ndi kutha kwa mwazi ndi izi: mabakiteriya olowa m'mwazi, njoka za m'matumbo zoyamwa mwazi, kacirombo ka HIV, kusowa kwa mavitamini A ndi B12, ndi cibadwa cina ca maselo ofiira cochedwa G6PD. Mwa ana opezeka ndi njokazo, atatu mwa anai ali onse anali osafika zaka ziwiri, msinkhu umene anthu sanali kuuganizira za njoka konse. Kunena za malungo, ku Blantyre anaoneka bwino kuti asiyanitsa ana otha mwazi ndi anzao. Koma ku Chikwawa sanasiyanitsa cotero, pakuti kuno kaciromboko kanali m'mwazi wa ana ambiri, odwala ndi oyenda omwe.

Atayang'ana za mundawo, anapeza kuti mwa ana pafupi fupi theka bvuto lalikuru linali lakuti mafuta a m'mafupa sanali kubala maselo ofiira okwanira. Kuphwanyika kwa mwazi ndi kutayika kwace kunadza pambuyo. A Phiri anakonzanso njira yabwino yoyesera ayironi wosungidwa m'mafuta a m'mafupa, naonetsa m'caka ca 2009 kuti miyeso yocokera ku Ulaya isokeretsa dotolo m'dziko la nthenda zambiri, popeza nthenda yokhayo ikweza cizindikiro ca ayironi m'mwazi ngakhale nkhokwe iri yopanda kanthu. Pambuyo pace, m'caka ca 2014, madotolo ena a ku Blantyre ndi anzao a ku Harvard, poyesa matupi a ana omwalira ndi malungo, anaona kuti tizirombo ta malungo timene tidikira kutengedwa ndi udzudzu tibisala ndi kukulira m'mafuta a m'mafupa momwemo, pambali pa maselo ofiira ang'ono. Mdani samangotentha nkhokwe. Amanga msasa m'munda.

ANA AMENE ANAFERA KWAO

Tsono tifika pa cinthu cimene tiyesa ndico cacikuru m'mbiri yonseyi. Mwambo wa zipatala unali wotere: mwana wotha mwazi afika, aikidwa mwazi wa munthu wina, alandira mankhwala a malungo; atapita masiku owerengeka ayamba kuyamwa ndi kusewera, zikhato zace zifiira, ndipo dotolo alemba m'buku kuti wacira. Mai ambereka nabwerera kwao ku Ngabu kapena ku Chapananga, ndipo cipatala sicimvanso za iye.

A Phiri sanakhutira ndi bukulo. Anatsata anawo kumidzi kwao miyezi 18. Anapeza kuti mwa ana 100 ali onse otha mwazi, ngati 6 anafera m'cipatala. Koma mwa amene anaturuka amoyo, pafupi fupi 13 mwa 100 anamwalira m'miyezi 18 imeneyo, pamene mwa anzao a m'midzi yomweyo sanafika 2 mwa 100. Ndiko kunena kuti ana anafa ambiri ataturuka m'cipatala koposa ali m'kati mwace. Akuru anati, cikome kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Momwemo mwana wooneka wocira pa cipata ca cipatala anali asanacire m'mafupa.

Cifukwa cace cimveka tikakumbukira za mbeu ija. Mwazi woikidwa ndiwo cimanga cobwereka kwa mnansi: cipulumutsa banja lero, koma sicilima munda. Maselo obwerekawo akalamba nafa, ndipo mafuta a m'mafupa a mwanayo afuna masabata asanu ndi limodzi kapena kuposapo kuti ayambenso kubala bwino. Koma mwanayo wabwerera ku nyumba yomweyo, pafupi ndi dambo lomwelo. Udzudzu umlumanso, malungo ampeza munda usanaphuke, ndipo mwazi utsikanso kaciwiri, nthawi zina usiku, kutali ndi cipatala.

MANKHWALA OCHINJIRIZA MUNDA

Pamenepo a Phiri ndi anzao anaganiza kuti, ngati mwanayo achinjirizidwa ku malungo miyezi yoyambayo, kapena mafuta a m'mafupa adzapeza mpata wakudzikonza. Kuyambira 2006 kufikira 2009 anayesa cimeneci m'zipatala zinai za cigawo ca kumwera, pa ana 1,414 amene anaikidwa mwazi cifukwa ca malungo. Onse analandira mankhwala amene tiwadziwa ndi dzina lakuti LA poturuka. Koma theka la iwo linamwanso LA utapita mwezi umodzi, ndiponso itapita miyezi iwiri, ngakhale sanali kudwala. Zoturukapo zinasindikizidwa m'caka ca 2012: mwa ana omwa mankhwala obwerezawo, imfa ndi kugonekedwanso m'cipatala cifukwa ca kutha mwazi kapena malungo akuru zinacepa ndi magawo 31 mwa 100.

Wofufuza woona sakhazikika pa kuyesa kumodzi. A Phiri, pamodzi ndi Feiko ter Kuile wa ku Liverpool ndi madotolo a ku Kenya, Uganda ndi Norway, anayesanso m'zipatala zisanu ndi zinai za ku Kenya ndi Uganda, pa ana 1,049, ndi mankhwala ena ochedwa DP, amene akhalitsa m'mwazi koposa LA. Anawo anamwa ataturuka masabata 2, 6 ndi 10. Zopeza zao, zosindikizidwa m'caka ca 2020, zinaonetsa kuti m'miyezi itatu ya mankhwalawo imfa ndi kubwerera ku cipatala zinacepa ndi magawo 70 mwa 100, ndipo powerenga miyezi yonse isanu ndi umodzi zinacepa ndi magawo 35. Ku Zomba, a Phiri ndi bungwe la kufufuza ndi kuphunzitsa lochedwa Training and Research Unit of Excellence anayesanso funso lina la nzeru: kodi mai azibwera ku cipatala mwezi ndi mwezi kudzatenga mankhwalawo, kapena apatsidwe onse tsiku loturuka? Kunaoneka kuti amai opatsiratu onse ndiwo anamwetsa ana ao mokwanira koposa, pakuti ulendo wa ku cipatala udya ndalama ndi tsiku la kumunda.

M'mwezi wa Juni 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalemba njira imeneyi m'malangizo ace, kuti ana ogonekedwa m'cipatala ndi kutha mwazi, m'maiko a malungo ambiri, azilandira mankhwala ochinjiriza miyezi yotsatira. Potero funso limene linafunsidwa ku Chikwawa m'caka ca 2002 linasanduka cilangizo ca maiko ambiri zitapita zaka makumi awiri.

Sikuti kuyesa kwao konse kunaturuka monga anayembekezera. M'caka ca 2023 a Phiri ndi Sant-Rayn Pasricha wa ku Melbourne analengeza za amai apakati a ku Blantyre ndi Zomba amene anapatsidwa ayironi wa mumtsempha kamodzi m'malo mwa mapiritsi. Nkhokwe za ayironi zinadzaladi, koma ciwerengero ca amai ocepa mwazi poyandikira kucira sicinatsika monga anafunira. Ndipo analemba comweco osabisa. Ticula ici cifukwa ulemu wa wofufuza suli pa kupambana kokha, koma pa kunena zoona ngakhale zitsutsa ciyembekezo cace.

CIMENE TITENGAPO

Poyamba, tiona kuti nzeru siiri ya mtundu umodzi wa anthu. Neumann anaona munda, Till ndi McCulloch anaona mbeu, ndipo mwana wa dziko lino, wophunzira ku Blantyre ndi ku Liverpool, anaona cimene cicitika pamene mundawo ufota m'thupi la mwana wa m'cigwa ca Shire. Mutu umodzi susenza denga. A Phiri anakhala pulofesa pa sukulu yomwe anaphunzirapo, imene m'caka ca 2021 inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences, naphunzitsa anyamata ndi asungwana ambiri luso la kufufuza. Mnyamata wa ku Makhanga kapena msungwana wa ku Bangula wowerenga mau ano asayese kuti nchito yotere iri ya alendo okha.

Kaciwiri, pali mau kwa inu makolo. Muziyang'ana zikhato za mwana wanu, ndi lilime lace, ndi m'kati mwa zikope. Zikatuwa, ndipo mwana afoka napuma mofulumira, musacedwe kunyumba. Akaikidwa mwazi naturuka, musanene kuti nkhondo yatha: miyezi itatu yotsatira ndiyo yoopsa. Agone m'masikito usiku uli wonse. Mankhwala amene mwapatsidwa amwe pa tsiku lace ngakhale ali kusewera. Thupi likangotentha mubwerere naye msanga. Mufunsenso za katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno m'caka ca 2019, Chikwawa ndi Nsanje ali mwa maboma oyamba.

Kacitatu, pali mau kwa inu amoyo wabwino. Kufikira lero palibe fakitale yopanga mwazi woika mwa wodwala. Ucokera m'mafupa a munthu mnzace basi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service linakhazikitsidwa m'caka ca 2003 kuti lisonkhanitse mwazi wa opereka mwaufuru ndi kuuyesa. Ambiri aopa kuti akapereka mwazi wao udzatha. Koma amene wamva za mbeu ija adziwa kuti munda wa munthu wamphamvu ubwezera zoperekazo m'masabata owerengeka. Bishopu Mackenzie anafa pa Ruo cifukwa mankhwala ace anamira m'madzi. Mwana wa ku Chiromo lero asafe cifukwa mwazi umene ukadampulumutsa tinakana nao ife.